Mbedza za Bambo

Mayi anga ndi munthu wa nyongolotsi. Ndikatero anthu amayesa ndikuwanyoza, koma ndiyo ntchito yawo, ndipo upulofesa wawo ku yunivesite anaupeza chifukwa cha nyongolotsi zomwezo. Moyo wawo wonse akhala akufufuza likodzo. Tinyongolotsi take timatuluka mu nkhono za m'madzi, timaboola khungu la munthu amene walowa m'madzimo, kenaka timakakhazikika m'mitsempha ya chikhodzodzo n'kumaikira mazira. Ana anzanga pa tebulo ankamva nkhani za mpira. Ine ndinakula ndikumva za mkodzo wa magazi uku ndikutafuna buledi, ndipo nditangomaliza sukulu ndinathawa, n'kukatsegula shopu yosoka makatani.

Funso limene linawadyera Mayi utsikana wawo linali limodzi: bwanji pakati pa anthu osamba madzi amodzi, ana amadzaza mazira pamene akuluakulu amakhala ndi ochepa? Ankayenda m'masukulu akutali atanyamula mabotolo a mkodzo, timachubu ta magazi, ndi ndodo yaitali yopaka mitundu imene ankayezera msinkhu wa mwana kuti adziwe mapiritsi oti amwe. Ankasowa milungu, n'kubwera atapsa ndi dzuwa, mawu atasasa. Zimene anapeza n'zakuti thupi la munthu limaphunzira kulimbana ndi nyongolotsizi, koma limaphunzira mochedwa ngati mwana wobwereza kalasi. Liyenera kukumana nazo kuyambira ubwana, zina zife, lizione, likumanenso nazo, mpaka litazizindikira. Anazilemba zimenezi, anakazinena m'misonkhano yakunja, ndipo ophunzira awo ambiri lero ndi madokotala.

Kunyumba kwathu kunali lamulo limodzi lolemera kuposa malamulo khumi aja: madzi osachokera pampopi sapondedwa. Mtsinje ayi, damu ayi, ngakhale chithaphwi cha mvula tinkachilambalala. Amene lamuloli linkawapana kwambiri anali Bambo. Iwo anali mphunzitsi wa jogalafe. Anakulira m'tauni, pa madzi a pampopi, ndipo ankadziwa mitsinje yonse ya pa dziko lino, kumene ikuchokera ndi kumene ikukathira, koma yonseyo anaidziwira pa mapu. Mvula ikawanyowetsa panjira ankalowa m'nyumba manja ali m'mwamba, n'kumati, "Pulofesa, awa ndi ochokera kumwamba, musandimange."

Atapuma ntchito, Bambo anayamba kusowasowa pakhomo. Loweruka lililonse, nthawi zinanso pakati pa sabata, ankapita kwa mnzawo wakalekale, makanika amene aliyense amangomutchula kuti Sipanala. Ankati akukathandiza kugwira zitsulo ndi kusewera makadi. Mayi ankakondwera kuti mwamuna wawo sakuwodzera pampando tsiku lonse, ndipo iwo eni anali otanganidwa ndi nkhono zawo.

Tsiku lina m'mawa foni inalira ndili ndi mapini kukamwa. Anali Mayi.

"Tseka shopu ubwere ndi galimoto. Abambo ako akukodza magazi."

"Kuyambira liti?"

"Akuti dzulo. Ndiye kuti ndi mwezi watha."

Dokotala wa matenda a chikhodzodzo anali bambo wadazi, wachikulire ndithu, koma titangolowa anadzambatuka pampando mpaka cholembera chinagwa pansi. Anali wophunzira wakale wa Mayi. Anthu amene anadutsa m'manja mwa Mayi sachira. Akawaona amaimirirabe ngakhale ali ndi imvi. Anafunsa mafunso ake, za fodya, za mowa, za ululu, za kuwonda, ndipo Bambo ankayankha pang'onopang'ono, chipewa chili pabondo. Kenaka dokotala uja anayang'ana Mayi m'malo moyang'ana wodwala.

"Pulofesa, pepani, ndiyenera kufunsa ndithu. Madzi a mumtsinje kapena a m'damu..."

"Awa?" anatero Mayi. "Awa sanapondepo. Ndakhala nawo zaka zoposa zimene iwe wakhala dokotala. Pita ku funso lina."

Bambo anayang'ana nsapato zawo. Ine ndinaona ndithu, koma ndinati ndi manyazi a nkhani ya mkodzo pamaso pa mwana wamkazi. Dokotala analemba zimene anamva. Mongokwaniritsa mwambo, anatumiza kabotolo ka mkodzo wa m'mawa womwewo ku labotale ya chipatala, ndipo sanapezemo dzira lililonse. Mayi anangogwedeza mutu, ngati munthu amene wauzidwa kuti dzuwa limatuluka kum'mawa.

Chimene chinatiopsa ndi chithunzi cha makina ojambula m'mimba. M'kati mwa chikhodzodzo munali chotupa, chomera pakhoma ngati kabowa. Dokotala analankhula motsitsa mawu. Anati kumapeto kwa mwezi adzalowetsa kachipangizo kodula kanyama kuti akakayeze, ndipo ikapezeka kuti ndi khansa, mwina chikhodzodzo chonse chidzayenera kuchoka. Mawu akuti khansa si achilendo m'banja mwathu. Akulu awo a Bambo anapita nayo, ndipo tinawaona akutha ngati sopo. Pobwerera, m'galimoto Bambo anangondikumbutsa kuti ndaiwala kuyatsa magetsi okhotera.

Masiku otsatirawo ndinawakwiyira Mayi, sindibisa. Ankadzuka, kuwapangira Bambo tiyi, n'kunyamula chikwama kupita ku labotale ngati palibe chachitika. Tsiku lina ndinawatsekereza pakhomo n'kuwafunsa ngati nkhono ndizo zili ndi mwamuna wodwala.

"Nkhono zikapanda kudya zimafa," anatero. "Ndipo ndikakhala pano ndiziwayang'ana abambo ako mpaka adziwe zimene ndikuganiza."

Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti maso awo ndi otupa. Mkwiyo wanga unachepa, koma sunathe. Zinkandipweteka kuti munthu amene wayeza magazi a ana a eni ake osawerengeka analibe chochita ndi mwamuna wake mmodzi yekhayo.

Bambo iwo anayamba kugawa katundu. Mapu akuluakulu amene ankakhala opindidwa pamwamba pa kabati anawapereka ku sukulu yawo yakale. Jekete labulawuni linapita kwa mlonda. Mabuku anawamanga m'makatoni, n'kulemba pamwamba dzina la woyenera kulandira. Ankachita zimenezi mwansangala, akuimba likhweru, ndipo nsangala imeneyo ndi imene inkandilasa mtima. Masana ena ndinatseka shopu msanga, n'kuwapeza pakhonde akupukuta magalasi awo.

"Khala pansi, Kamayi." Amanditchula choncho kuyambira ndili wamng'ono, ati pakamwa ndinatengera amayi anga. "Patsala kanthu kamodzi. Kwa Sipanala kuli mbedza zanga. Pali ndodo zake, chikwama chobiriwira ndi nsapato zina zakutha. Zinthu zikavuta, ukamuuze kuti zonsezo ndi zake. Koma amayi ako asamve."

"Mbedza za chiyani?"

"Za nsomba, mwanawe. Mbedza zimakhala za chiyaninso?"

Anamwetulira ngati mwana amene wagwidwa ndi shuga pamlomo. Anandiuza kuti kunja kwa tauni, kuseri kwa fakitale ina yakale, kuli damu. Za makadi zija zinali zabodza. Nsomba zonse zinkathera kwa akazi a Sipanala, zovala ankasinthira ku galaja, ndipo ankasamba m'manja ndi sopo wa amakanika kuti fungo lisafike kunyumba. Nzeru zonse zimene anaphunzira kwa ana othawa kalasi anazigwiritsa ntchito pa mkazi wawo.

"Mumalowa m'madzimo?" ndinafunsa.

"Poyamba ayi. Ndinkaima pamtunda ngati munthu womvera. Koma mbedza ikakodwa m'bango, uisiye? Ndinalowa mpaka m'akakolo. Kenaka m'mawondo." Anapukutanso magalasi oyera kale aja. "Kamayi, madzi ndi okoma. Zaka zonsezi ndimaphunzitsa ana za madzi osadziwa kuti amakoma chonchi."

Ine sayansi ndinaithawa, koma munthu sungadye buledi pa tebulo lija ubwana wako wonse osatolapo kanthu.

"Bambo, dokotala uja anafunsa za madzi."

"Anafunsa amayi ako."

"Nanga inu osanena bwanji?"

"Ndinene pamaso pa wophunzira wawo? Kuti mwamuna wa Pulofesa wa likodzo amasewera m'damu? Ndiwavule ulemu mkazi wanga pagulu? Komanso mkodzo anayeza, sanapeze kanthu. Ndiye ndiululirenji tchimo lopanda phindu?"

"Ndiye mufe kuti Mayi asachite manyazi?"

"Usakweze mawu, anthu akumva. Ndipo walonjeza."

"Sindinalonjeze kanthu ine," ndinatero, makiyi a galimoto ali kale m'manja.

Chipinda cha nkhono chili pansi penipeni pa nyumba yosanja imene Mayi amagwirira ntchito. Ndi chofunda, chonunkha ndere, ndipo m'mashelefu muli matanki a galasi okhala ndi timapaipi totulutsa thovu. Pamwamba pa madzi pamayandama masamba a letesi. Pakhoma ophunzira ena akale anapachika mwambi umene Mayi amawauza aliyense tsiku loyamba: kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine kudekha ndinalibe. Ndinawapeza atavala magolovesi ofika m'zigongono, ndipo ndinawakhuthulira zonse ndili chiimire pakhomo, mopanda kukometsera.

Ndinkayembekeza mphezi. Koma Mayi anaika letesi pansi, anavula magolovesi chala chimodzichimodzi, n'kukhala pa kampando kopanda chotsamira.

"Damu la kuseri kwa fakitale," anatero. Analoza tanki ina ya pakona. "Nkhono izo zinachokera kumeneko." Kenaka anafunsa, "Nthawi ili bwanji?"

"Dzuwa lapendeka kale."

"Tachedwa. Mawa."

"Mawa chiyani, Mayi?"

"Mazira a likodzo satuluka m'mawa. Amatuluka dzuwa lili pamutu, makamaka munthu akayendayenda. Zimenezi ndimaphunzitsa sabata yoyamba. Dokotala ujanso ndinamuphunzitsa ndine. Anatenga mkodzo wa m'mawa, kabotolo kakang'ono, kamodzi kokha, ine ndili pomwepo ndikuyang'ana. Sindinanene kanthu chifukwa ndinali nditayankha kale." Anagwira pakamwa. "Ndipo munthu amene sanakulire m'madzi, thupi lake silinaphunzire kalikonse. Kwa nyongolotsi, abambo ako ndi khanda. Thupi lotere likaona dzira limachita mantha, limalimangira mpanda wa nyama, n'kumangomanga, kumangomanga..."

"Ndiye si khansa?"

"Sindinatero. Usandiikire mawu m'kamwa. Tiye kunyumba."

Bambo tinawapeza pomwe ndinawasiya, atakhala mowongoka ngati munthu wodikira chigamulo. Anandiyang'ana ndi diso lakuti wandigulitsa, ine ndinawabwezera lakuti inde, ndipo ndidzakugulitsaninso. Mayi sanakalipe. Anakoka mpando, n'kuyamba kuwafunsa monga amafunsira ana a sukulu: munayamba liti, nthawi yanji ya tsiku, madzi ankafika pati, munkakhalamo nthawi yaitali bwanji.

"Miyendo inayabwapo?"

"Inayabwa. Ndinati ndi udzudzu."

"Chaka chatha munatentha thupi, mukutsokomola."

"Munandipatsa mankhwala a chimfine."

"Ndinakupatsani," anavomera Mayi. Anayang'ana manja awo. "Safunsa anadya phula. Ine ndadya langa."

"Mwakwiya, Mayi?"

"Ndilibe nthawi. Ndidzakwiya zotsatira zikatuluka. Mawa mudzamwe tiyi wanu monga mwa masiku onse, koma dzuwa likakwera musadzapite kuchimbudzi mpaka nditakuuzani."

M'mawa mwake, nthawi itayandikira masana, ophunzira a pa dipatimenti ya Mayi anaona zimene sadzaiwala. Mwamuna wa Pulofesa, atavala tayi, botolo la madzi lili m'manja, ankakwera masitepe a nyumba yosanja ija mpaka pamwamba, kutsika, n'kukweranso. Mayi anaima pansi, manja m'chiuno. Ophunzirawo ankadutsa akuyang'ana khoma ngati pali cholembedwa chofunika kwambiri.

"Kale ndinkalanga ana ochedwa chonchi," anatero Bambo akupuma mwawefuwefu. "Mulungu saiwala."

"Kweraninso kamodzi."

"Pulofesa, damu likufuna kuphulika."

Pamenepo Mayi anawapatsa botolo, osati kakang'ono ka kuchipatala kaja, koma lalikulu la kukamwa kotambalala. "Wonse," anatero, "mpaka dontho lomaliza. Lomalizalo ndilo ndikulifuna."

Mu labotale ophunzira awiri anadzipereka kuti athandize, koma Mayi anawauza kuti akadye. Tinatsala atatu. Mayi anakoka mkodzo uja ndi jakisoni wamkulu wopanda singano, n'kuukankha kuti udutse pa kasefa kozungulira, kakang'ono ngati batani la malaya. Kasefako anakanyamula ndi kopanira, anakaika pa kagalasi, anadonthezerapo mankhwala abulawuni, n'kukalowetsa pansi pa maikulosikopu.

Anayang'ana. Dzanja lamanja linkasuntha kagalasiko pang'onopang'ono, kuchoka kumanzere kupita kumanja, kutsika pang'ono, n'kubwerera, monga ndimachitira ine pofufuza pamene nsalu yaphonya ulusi. Kasefa koyamba kanatha popanda kanthu. Anakonza kena. Nakonso kanatha. M'chipindamo munkangomveka kulira kwa mafiriji osungira magazi a ana aja, ena a iwo tsopano ali ndi ana awoawo.

"Palibe eti?" anatero Bambo mofatsa. "Basi, Mayi, mwayesetsa."

"Khalani chete, mukugwedeza tebulo."

Bambo sanali pafupi ndi tebulo n'komwe. Ine ndinatsamira chitseko n'kupemphera pemphero limene sindikhulupirira kuti kumwamba analimvapo chiyambire. Ndinati, Ambuye, apatseni bambo anga nyongolotsi.

Mkodzo unali utatsala pang'ono m'botolo. Mayi analipendeketsa, anakoka wapansi penipeni, wofiirira uja, n'kukonza kasefa kena. Anayambanso ulendo wawo wa kumanzere ndi kumanja. Kenaka dzanja lija linaima. Linabwerera pang'ono. Chala chinazungulitsa kachitsulo ka m'mbali, kutsogolo, kumbuyo.

"Bwera uone," anandiuza, osadzutsa mutu.

Ndinalumbira ndili mtsikana kuti sindidzaikanso diso langa pa chipangizo chimenecho. Tsiku limenelo ndinachita kuthamangira. Poyamba ndinangoona kuwala kwachikasu ndi timabowo ta sefa. Kenaka ndinaliona dzira, litagona chammbali, lofanana ndi nthanga ya dzungu, kunsonga kwake kuli kamunga kakang'ono. Chinthu chimene chinkandilanda mayi anga milungu yathunthu, chimene chinkandinyansitsa chakudya, ndicho chinali apo, ndipo sindinaonepo chinthu chokongola chotero.

Mayi anayamba kuseka. Kunali kuseka kumene sindinakumvepo, kochokera pansi pa mimba, ndipo kusanathe kunasanduka kulira. Anavula magalasi n'kuweramiranso pa maikulosikopu, misozi ikugwera pa tebulo.

"Zaka zonsezi," anauza dzira lija, "kagalasi ka mwana aliyense ndimakaika apa ndikupempha kuti ndisakupeze. Lero wandithandiza, mfiti iwe."

Bambo anapempha kuti nawonso aone. Anatseka diso limodzi, anatsegula, anatseka linalo, mpaka Mayi anawagwira mutu n'kuwuika pamalo oyenera. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kameneka?" anatero. "Kandigawitsa mapu anga kameneka?"

Mayi anaimbira dokotala uja tili pomwepo. Ndinkamva mawu ake akutuluka m'foni, akupepesa, akuti anayenera kubwereza kuyeza, anayenera kutenga wa masana.

"Tonse tinayenera," anatero Mayi. "Tamvera, mwana wanga. Tsiku lina ukadzafunsa wodwala funso n'kuyankha mkazi wake, udzamutulutse panja mkaziyo. Ngakhale atakhala ine." Anamvetsera pang'ono. "Inde, kanyamako kadulidwebe. Tsiku lisasinthe."

Atatseka foni anationa tikumwetulira, ndipo anatidula msanga. Anati likodzo likakhalitsa nalonso limatha kubala khansa, komanso munthu akhoza kukhala ndi zonse ziwiri. Dzira limodzi latsegula chitseko, koma mlandu sunathe. Mayi anga ndi otero. Ngakhale nyumba ikupsa sanganene kuti ndi moto asanayeze. Bambo anamwa mapiritsi oyamba sabata yomweyo, akuluakulu, owawa, ndipo anagona tsiku lonse akudandaula chizungulire. Kumapeto kwa mwezi kanyama kaja kanadulidwa, ndipo tinayambanso kudikira. Kudikira kumeneku kunali kosiyana ndi koyamba kuja. Bambo anasiya kuimba likhweru n'kuyambanso kudandaula za mitengo ya zinthu ndi phokoso la wailesi ya aneba, ndipo kwa ine kudandaulako kunali nyimbo.

Tsiku la zotsatira dokotala anadzukanso pampando titalowa, koma ulendo uno anakoka mpando wake n'kukhala moyang'anana ndi Bambo. Mayi anakhala kumbuyo, chikwama chili pamiyendo, pakamwa atatseka ngati pali loko.

"Bambo, khansa palibe."

"Bwerezani, khutu ili silimva bwino."

"Palibe, Bambo. Chotupacho ndi nyama imene thupi lanu linamanga kuzungulira mazira. Nyongolotsi zikafa chiphwa chokha. Tidzakujambulaninso pakapita miyezi, koma chikhodzodzo chanu sitichikhudza."

Ndinatuluka osapempha chilolezo, ndinakaima pafupi ndi bini ya zinyalala m'khonde la chipatala, n'kulira ngati mwana wotayika pamsika amene wapezedwa. Namwino wina anabwera kudzandipepesa, ndipo ndinavutika kumufotokozera kuti palibe maliro. Nditabwerera ndinapeza dokotala akuwaonetsa Mayi chithunzi cha kanyama kaja: timazira tili pakati, kuzungulira kwake mizere ya nyama yothinana. Mayi anachitembenuzira kwa Bambo.

"Taonani ntchito ya thupi lanu," anatero. "Linachita mantha, koma linamenya."

"Ngati mwini wake," anayankha Bambo.

Tsiku lomwelo linali la mapiritsi achiwiri, opha nyongolotsi zimene zinali zazing'ono poyamba paja. Titatenga mankhwala, Mayi anati tidzere ku ofesi kwawo. Ndi kachipinda kopanikizana, mapepala mpaka pawindo, makatani ake ndi amene ndinawasokera ine nditangotsegula shopu. Anawapatsa Bambo buledi ndi tiyi wa mu fulasiki, chifukwa mankhwalawo samwera pa njala. Bambo anadya, anapukuta pakamwa, n'kuwongola tayi.

"Zotsatira zatuluka, Mayi. Munati mudzakwiya."

Mayi anatsegula kabati ya zida zawo za kafukufuku, n'kutulutsa jombo za mphira zofika pachifuwa, zokhala ndi malamba a pamapewa, zimene iwo ndi ophunzira amavala akamakatola nkhono. Anaziponya pamiyendo pa Bambo.

"Mkwiyo wanga ndi umenewo. Mukakazivula ndidzadziwa. Ndipo Sipanala abwere kuno mawa dzuwa lili pamutu, akwere masitepe."

Bambo anazigwira jombozo, anazitembenuza, anazinunkhiza. "Ndiye kuti ndikhoza kupita?"

"Ndikakuletsani mudzapitabe, osavala kanthu. Pobwera muzinditengerako nkhono."

Kenaka anapita kuseri kwa chitseko n'kutenga ndodo yawo yakale ija, yopaka mitundu, utoto utasupuka m'malo amene manja ankagwira. Anaiimika kukhoma.

"Vulani nsapato. Imani apa."

"Mayi, dokotala walemba kale mapiritsi awo," ndinatero. "Anawayeza pa sikelo."

"Ndikudziwa."

Bambo anavula nsapato. Anaima chotsamira ndodoyo atavala masokosi okha, zidendene kukhoma, chibwano m'mwamba, monga anaimira ana onse aja m'masukulu akutali. Mayi anayenera kunyanyamphira kuti afike. Anaika chikhatho chawo pamutu pa Bambo, pa imvi, kuti aone mtundu umene msinkhu wawo wafika.

"Angati, Pulofesa?"

Mayi anangoyang'anabe ndodoyo. Mtundu wake unali poyera, ngakhale ine ndinkauona ndili pakhomo. Dzanja lija linakhala pomwepo.

"Angati, Mayi?"

"Imani kaye," anatero mayi anga, amene amapeza dzira losaoneka ndi maso m'botolo lathunthu. "Sindinaone bwino."